Mayi Damaris Ng'uni ndi Zinkhwe za Kuseri kwa Nyumba

Malemu athu, Mayi Damaris Ng'uni, amene ambiri munkawaitana kuti aNyaGoma, anabadwa pa 9 Meyi 1958 ku Tembwe, m'banja la ana asanu la a Jack Goma ndi akazi awo a Lena. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Cyprian Goma, mlongo wawo, chitsiriza m'banjamo. Mumandidziwa. Ndinayamba ndi njinga yobwereka, lero malole anga amafika ku Dar es Salaam, ku Lubumbashi, ku Beira ndi ku Joni. Ndadya ndi anthu a mitundu yonse. Koma ndikunena pamaso pa abusa kuti konse kumene ndapondako sindinaoneko munthu wodziwa kudikira ngati alongo anga agona apawa.

Sukulu anayambira ku Tembwe komweko mu 1966. Sekondale anakaphunzira ku Chipata, ndipo mu 1977 anapita ku Katete kukachita maphunziro a unamwino ndi uzamba. Anagwira ntchito ku Chifunda asanawasamutsire kuno ku boma la Chama, kumene anapumira pantchito mu 2013. Ambiri mwa inu mwakhala apa munabadwira m'manja mwawo.

Mu 1981 anakwatiwa ndi a Darius Ng'uni, amene ankagwira ntchito yoteteza nyama zakutchire, ndipo Mulungu anawapatsa ana atatu. A Ng'uni anatisiya mu Ogasiti 2016. Kuchokera pamenepo alongo anga anazima. Chakudya ankangochilawa, kukwaya anasiya, ankangokhala pakhonde kuyang'ana msewu.

Mu 2017 ndili ku Joni ndinawagulira zinkhwe ziwiri, zotuwa za michira yofiira, chachimuna ndi chachikazi, ndi mapepala ake onse, chifukwa mkazi wa munthu woteteza nyama sakanalandira mbalame yakuba. Ndinagulanso kabokosi koikiramo mazira, kopaka utoto, konyezimira, kabwino kuposa timabokosi tonse tinali m'sitolomo. Mbalamezo zitakaona zinathawira pakona ya khola n'kuleka kudya. Tsiku limenelo alongo anga anaseka, koyamba chimwalirire amuna awo. Anati mbalamezi zili ngati iwo, sizifuna kukakamizidwa, ndipo ananditsimikizira kuti asanafe adzaona ana a mbalamezo.

Imeneyi ndiyo inakhala ntchito yawo yachiwiri. Khola analichotsa pakhonde n'kukalimanga kuseri kwa nyumba, kumene alendo safika, ndipo mbali ziwiri anatchinga ndi mphasa. Kabokosi kanga anakasandutsa kosungiramo ulusi ndi masingano. Anatuma anthu kukafuna chipika cha mtengo wa mupani chokhala ndi mphako, koma sanachilowetse m'khola msanga. Anachisiya panja pa waya, chapatali, n'kumachisendeza pang'onopang'ono mpaka mbalame zinasiya kuchiopa. Atachipachika m'mwamba, khomo lake analozetsa kumene munthu sadutsa, ndipo mkati anathiramo tizidutswa ta mtengo wofumbwa kuti mbalame zizitafuna. Chakudya ankapereka okha, atavala chitenje chimodzimodzi chobiriwira, maso pansi, osayang'ana kumphako. Mphaka wawo anamupereka kwa aneba. Ine ndemwe, mwini kugula mbalame, sindinkaloledwa kupitirira pamtengo wa mango uwo. Chachimuna chinatengera malankhulidwe awo, moti chikangomva galimoto yanga chimandiuza ndi liwu la alongo anga kuti ndichepetse mawu.

Panapita zaka chachimuna chisanayambe kukukuta m'mbali mwa khomo la mphako. Kenako chinayamba kulowetsa mutu, kenako thupi lonse. Mu 2022 chachikazi chinatsatira, n'kuikira mazira awiri. Mwezi womwewo unali ukwati wa mwana wawo Tamala pakhomo pano. Kunali ng'oma, kunali zokuzira mawu, ana anazungulira khola. Mbalame inatuluka m'mphako osabwereramonso, ndipo mazira anazizira. Malemu sanadandaule pamaso pa mwana wawo, ukwati anavina mpaka kutha. Koma m'mawa mwake ndinawapeza atakhala pansi pafupi ndi khola, mazira aja ali m'manja. Chachikazi chinaikana mphakoyo, ndipo iwo anayambanso poyambira, osafulumira.

Mu 2023 anawapeza ndi matenda a shuga, ndipo mu Novembala 2024 anafa ziwalo mbali ya kumanzere. Ankapitabe kuseri, akukoka mwendo, mbale ya mtedza ndi chimanga chachiwisi ili kudzanja lotsalalo. Chakumapeto kwa Juni chaka chino chachikazi chinalowanso m'mphako n'kusiya kuoneka masana, chachimuna ndicho chikuchipititsira chakudya. Malemu anatiuza kuti chikufungatira. Pa 8 Julaye anagwa pobwerera kukholako. Tinathamangira nawo kuchipatala cha kuno, kenako ndinawatengera ku Chipata. Ndinauza madokotala kuti ngakhale ndege ndikhoza kuitanitsa, atchule dziko lililonse. Anandiuza kuti sizingathandize. Anamwalira pa 17 Julaye 2025, ali ndi zaka 67.

Asanaleke kulankhula sanatchule za bokosi la maliro, kapena nyimbo yoti tidzawaimbire. Chitenje chobiriwira chija anapereka kwa mwana wawo woyamba, Hellen, kuti azivala popereka chakudya. Ine anandigwira dzanja n'kundilonjezetsa kuti mphako isatsegulidwe, ndipo pakhomo pano pasakhale phokoso mpaka mazira ataswa.

Manje, abale anga, ndimvereni bwino. N'chifukwa chake moto tinakoleza kugeti, n'chifukwa chake mwaona chingwe kuseri kwa nyumba. Zimene zikunenedwa ndazimva. Akuluakulu a kwathu ku Tembwe akuti tikuika mayi ngati wakuba. Ena akuti Cyprian wasokonezeka mutu ndi chuma, akulemekeza mbalame kuposa mlongo wake. Sindikukwiya. Mwambo ndimaudziwa: thupi likamatuluka pakhomo amayi amalira mokweza, ndipo n'koyenera, chifukwa amene agona apawa sanali munthu wamba. Koma dzana, thupi litafika kuchokera ku Chipata, kulira kutabuka, mbalame inatuluka m'mphako. Hellen anaiona itakakamira pawaya, ikunjenjemera. Inabwerera dzuwa litapendeka. Ngati mazira anazizira sitikudziwa, ndipo kutsegula sitingatsegule.

Lero m'mawa Hellen akupereka chakudya wamva kamawu kakang'ono m'mphakomo, kamodzi kokha. Akuti mwina ndi khoswe, mwina makutu ake akumunamiza chifukwa cha kulira. Koma ngati ndi mwana, ndiye kuti alibe nthenga, ndipo mphepo ya Julaye mukuimva nokha. Make akatulukanso lero, tikamachokera kumanda tidzapeza atauma. Ine ndikhoza kubwerera ku Joni mawa n'kugula zinkhwe zodzaza lole. Mwana woswedwa m'mphako ya alongo anga sagulitsidwa kulikonse.

Sindinagwadirepo munthu pamalire a dziko lililonse, ngakhale atandisunga ndi katundu wanga padzuwa. Lero ndikugwada, mukundiona nonse. Amalume a ku Tembwe, ndikhululukireni, mlandu wake mudzandifunse ine mwambo ukatha. Amayi a m'nyumba, azamba anzawo a malemu, a kwaya, ndikupempha chinthu chovuta. Bokosi likakwera palole yanga injini sitiyatsa, anyamata aikankha mpaka kumsewu. Nyimbo muing'ung'uze chabe. Kulira mukugwire pakhosi mpaka tidutse mjigo uli pamphambanopo. Si patali.

Malemu asiya ana atatu, Hellen, Bornwell ndi Tamala, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi alongo awiri, a Adam Goma ndi ine. Asiyanso zinkhwe ziwiri, ndi chimene chili m'mphakomo, chimene sitikuchidziwa.

M'malo mwa banja la a Goma ndi la a Ng'uni, ndikuthokoza anamwino ndi madokotala a kuno ndi a ku Chipata, abusa ndi mpingo wonse, anyamata amene akumba manda, ndi abale amene ayenda mtunda kuchokera ku Tembwe ndi ku Chifunda. Ndikuthokozanso aneba athu a Cathrine Zimba, amene atsekera agalu awo ndipo alola kuti kuphika konse kuchitikire pabwalo pawo.

Alongo, aNyaGoma, Mulungu amene munamutumikira akulandireni, mugone mwamtendere. Tikutulutsani mwakachetechete monga munanenera.

Abale, tiyeni tinyamuke pang'onopang'ono. Tikangodutsa pamjigo masulani pakhosi, Chama yonse imve. Ndipo ndikulonjeza kuti palibe amene akalire kuposa ine.