Ndinapempha mausi yolemera, ndinalandira ya mabowo

Abale ndi alongo amene mumatsatira tsamba langali, mtendere wa Ambuye ukupezeni komwe muli. Ine ndine Lusiyano, kwathu ndi ku Ngauma cha kufupi ndi Massangulo, koma ntchito ndimagwira ku Mandimba. Lero ndikufuna ndikuuzeni za dzanja langa lamanja limene linangotsala pang'ono kundichotsetsa ntchito, komanso za nsanje imene inkandiwotcha mtima nthawi yonse imene dzanjalo linkandivuta. Ena museka mukamva kuti nkhaniyi ikukhudza mausi ya kompyuta. Sekani ndithu, palibe mlandu, koma muwerenge mpaka kumapeto.

Ndimagwira ntchito pa loja ya makompyuta ya bambo ena amene tonse timangowatchula kuti a patarau, kutanthauza bwana. M'mawa timalembera anthu makalata ndi kuwasindikizira mapepala a pa malire, ndipo masana achinyamata amadzaza kudzasewera masewera owomberana aja, gulu ili kulimbana ndi gulu linalo. Pa masewera amenewo, ndisakubisireni, ine ndinali katswiri. Makina oyamba, a pafupi ndi khomo, anali anga, ndipo anthu ankaunjikana pawindo kudzaonera ine. A patarau ankasangalala nazo chifukwa amene waonera lero, mawa amafuna kukhala pampando yekha.

Tsiku lina ndikuchokera kumudzi pa njinga yamoto ya hayala, mbuzi inangodumphira mumsewu. Tinagwa, ine n'kutsamira dzanja lamanja. Kuchipatala anati fupa la pamfundo ya dzanja lang'aluka, ndipo anandimanga pulasitala. Atadzachotsa, dzanja linkaoneka bwinobwino, koma mphamvu zinali zitathawa. Ndikangogwira mausi kanthawi pang'ono, mfundo ija inkatupa, zala n'kuchita dzanzi, moti ngakhale kapu ya tiyi ndinkainyamula ndi lamanzere.

Pa nthawi imene ndinali ndi pulasitala, a patarau anaika Anselimo pa makina oyamba aja. Anselimo ndi msuweni wanga, mwana wa amalume. Amene anamubweretsa ku Mandimba ndine, amene anamupemphera ntchito ndine, amene anamuphunzitsa kuyatsa kompyuta ndine ndemwe. Anabwera asakudziwa ngakhale pomwe chala chimadina! Ndiye ine ndikubwerera kuntchito, ndinapeza anthu pawindo paja akukuwa kuti, "Selimo! Selimo!" Ine anandikhazika kumbuyo, pafupi ndi makina osindikizira, kumene munthu amangoonedwa akafuna fotokope. Abale, zinandiwawa.

Ngati zimenezo sizinakwane, mkulu wake wa Anselimo wa ku Joni anamutumizira mausi. Inali yopanda waya, yakuda bii, yoyaka magetsi amitundumitundu m'mbali, ndipo inali yolemera. Muyenera kudziwa kuti kwathu chinthu chabwino timachidziwa ndi kulemera. Bambo anga ndi mlimi wa fodya, ndipo chilichonse amayamba achiika pachikhatho n'kuchigwedeza, kaya ndi khasu, kaya loko, kaya tchaja ya foni. Chikapepuka amangoti, "Bweza, n'chabodza." Ine ndinakula nawo maganizo amenewo. Nditaona mmene mausi ya Anselimo inkalirira ikaikidwa patebulo, ndinati basi, chinsinsi chake n'chimenechi. Ine ndikanakhala nayo, dzanja langa silikanatupa, ndipo mpando uja ukanabwerera kwa mwini wake.

Iyenso sankandimvera chisoni, poti chisuweni mukuchidziwa. Ankaikweza m'mwamba n'kunena kuti, "Msuweni, ukufuna uigwireko? Kasambe kaye m'manja." Anthu n'kuseka, inenso n'kuseka ndi mano okha. Masana sindinkafuna kudya naye mbale imodzi. Akamasewera ndinkalakalaka batire la mausiyo litatha pakati pa masewera, anthu onse akuona. Lamulungu ku Misa ndinkagwada n'kupemphera pemphero limodzi lokha: Ambuye, ndipatseni mausi ngati ya Anselimo, kapena yolemera kuposa pamenepo. Ndinkatuluka m'tchalitchi mtima uli wowawa chimodzimodzi ndi mmene ndinalowera.

Kenaka a patarau anandiitanira pambali. Anati kukubwera mpikisano wa maloja ku Cuamba, ndipo iwo sangasunge munthu amene dzanja lake silimaliza tsiku. Anati Loweruka la kumapeto kwa mwezi gulu lathu lidzasewera loyeserera masana onse. Ndikadzafika kumapeto dzanja lili bwino, ntchito ndi yanga. Ndikadzalephera, ndibwerere kumudzi. Sanalankhule mwankhanza ayi, ndipo m'mtima ndinkadziwa kuti sakulakwa. Koma kumudzi ndikatani ndi dzanja limeneli? Khasu sindingagwire, kusoka fodya sindingathe. Ndikangokhala pakhonde, mwamuna wamkulu, kudikira bambo okalamba andilimire.

Panali mayi ena, mayi Amina, Asilamu ogulitsa nsomba zouma za ku Amaramba. Sabata iliyonse ankabwera pa loja kuti ndiwalumikize pa vidiyo ndi mwana wawo Saide amene amaphunzira ku Nampula, poti foni yawo ndi yaing'ono ija ya mabatani. Tsiku lina anaona ndikudina ndi dzanja lamanzere, n'kundifunsa chimene chavuta. Ndinangowayankha mwachidule. Koma iwo anagwira mkono wanga, n'kuukweza kutsogolo kwa kamera, n'kuyamba kulankhula ndi mwana wawo m'Chiyao mwachangu moti ndinangotolapo mawu ochepa. Ndinachita manyazi, kenaka ndinaiwala za nkhaniyo.

Patapita masabata angapo anabwera ndi kaphukusi kamene kanayenda pa sitima mpaka ku Cuamba, n'kudzafika kuno pa minibasi zija timazitcha shapa. Kanali katagona m'dengu lawo, moti kankanunkha nsomba. Anati, "Saide watumiza. Akuti iyenso amasewera zanuzi, ndiye iyi ndi imene amagwiritsa ntchito a mipikisano. Akuti usaione kupepuka." Ndinati Ambuye amva. Nditatsegula, mphwayi zinandigwira. Mausi yake inali ya mabowo msana wonse ngati sefa, moti unkatha kuona za m'kati. Inali yopepuka ngati chigoba cha dzira, yopanda magetsi, ndipo inali ndi waya, wofewa ngati chingwe cha nsapato. Anselimo atangoiona anagwa ndi phwete. Anati, "Msuweni, imeneyi njenjete zayamba kale kudya!"

Ndinathokoza mayi aja ndi manja awiri, monga mwa ulemu, koma m'kati ndinkalira. Tsiku la msika bambo anga atabwera ndinawaonetsa. Anaiika pachikhatho, kuigwedeza kawiri, n'kupukusa mutu. Anati, "Mulibe kanthu umu. Poti ndi mphatso sunga, koma usaidalire." Ndinaiponya m'dirowa pansi pa makina osindikizira. Ndinkadzifunsa kuti Mulungu ameneyu bwanji? Mnzanga wam'patsa ya ku Joni yoyaka magetsi, ine wopempha tsiku ndi tsiku akundipatsa ya mabowo yonunkha nsomba. Nsanje ija inachita kuwirikiza, mpaka ndinasiya kupemphera masiku angapo.

Loweruka lija linafika. Bambo anga anapalasa njinga kuchokera kumudzi, ndipo nditatuluka kukawalonjera ndinaona kuti pa kaliyala amangapo mphira wautali uja womangira katundu. Tonse tinkadziwa kuti mphirawo ndi womangira matilesi ndi chikwama changa.

Tisanayambe, Anselimo anachita chinthu chimene sindinkayembekezera. Anatenga mausi yake ija n'kuiika patsogolo panga. Anati, "Tenga, sewera ndi imeneyi, kuti usadzanene kuti ndimakupambana chifukwa cha mausi." Mpaka lero sindidziwa ngati chinali chifundo kapena chipongwe, mwina zonse ziwiri. Koma abale, mmene ndinasangalalira! Chinthu chimene ndinachilirira miyezi yonse ija chinali m'dzanja langa, magetsi ake akuwala pakati pa zala zanga.

Masewera oyamba asanafike ngakhale pakati, dzanja linayamba kuyaka moto. Pa masewera amenewa mausi sumangoikankha ayi, umainyamula n'kuibweza pakati mobwerezabwereza, mofulumira, osapuma. Ndiye kunyamula kulikonse kunali ngati ndikutukula njerwa ndi mfundo yothyoka ija. Zala zinachita dzanzi, ndinayamba kuphonya adani oti ali poyera. Masewerawo atatha, mfundo inali itatupa kuposa masiku onse, ndipo a patarau ankayang'ana kumbali.

Ndinatuluka kuseri kwa loja n'kuviika dzanja mu ndowa ya madzi. Kumeneko ndinalira, sindikuchita manyazi kunena. Ndinapemphera, koma ulendo uno sindinatchule mausi, sindinatchule Anselimo. Ndinangoti, Ambuye, chimene ndinkafuna chija ndachigwira, ndipo chandipweteka. Nzeru zanga zathera pano. Chitani mmene mukudziwira Inu.

Ndikubwerera m'kati kuti ndikauze a patarau kuti ndalephera, ndinapeza mayi Amina ali pakhomo, dengu lili pamutu. Anali atamva kumsika kuti lero ndi tsiku langa, ndiye anasiya nsomba zina ndi mnzawo kuti adzaonere. Anandifunsa mokweza, anthu onse akumva, "Mwanangu, ija ya Saide ikugwira bwino?" Mayo ine! Kwathu munthu wamkulu akakupatsa mphatso, sungamuonetse kuti unaitaya pakona. Sindinganame kuti ndinatsegula dirowa ija chifukwa cha chikhulupiriro. Ndinaitsegula chifukwa cha manyazi, kuti mayi aja aione ili patebulo, ndisewereko pang'ono, kenaka ndigonje mwaulemu. Ndinabweza ya Anselimo, ndinapukuta fumbi pa ya mabowo ija, n'kulowetsa waya wake.

Poyamba ndinkapitirira pamene ndikufuna kuloza, chifukwa dzanja linazolowera kukoka katundu. Koma posakhalitsa ndinazindikira kuti mfundo ija sikugwiranso ntchito yolemetsa. Zala zokha zinkakwanitsa kuinyamula ndi kuibweza, ngati palibe chimene ndagwira. Waya uja sunkakoka ngakhale pang'ono, ndipo ndikadina, chipolopolo chinkatuluka nthawi yomweyo. Ululu unalipo, wotsala wa masewera oyamba aja, koma sunkawonjezeka. Tinasewera ena, n'kuseweranso ena. Pena Anselimo ankandigwetsa, pena ine ndinkamugwetsa. Dzuwa likupendeka ndinamva munthu wina pawindo akukuwa dzina langa, dzina limene ndinali nditaiwala mmene limamvekera pakamwa pa anthu. Mayi Amina sankadziwa chimene chikuchitika pa kompyutapo, koma ena akakuwa iwonso ankalulutira.

Titamaliza, a patarau anangoti, "Lolemba ubwere m'mawa, kuli mapepala ambiri. Ku Cuamba mupita nonse." Anselimo anabwera n'kutola mausi ija, kuiika pachikhatho, kuitembenuza, kusuzumira m'mabowo. Anati, "Msuweni, bwanji tisinthane?" Ndinamuyang'ana bwinobwino n'kumuuza kuti, "Kasambe kaye m'manja." Loja yonse inaseka, ndipo tsiku limenelo ndinaseka kuchokera pansi pa mtima.

Bambo anga sanaikhudzenso mausi ija. Anabwera n'kugwira dzanja langa, kulitembenuza, kudina pamfundo ndi chala chawo chachikulu monga amayesera tsamba la fodya. Anandiuza kuti ndifumbate, ndinafumbata. Anandiuza kuti nditambasule, ndinatambasula. Kenaka anavula chipewa, n'kupita kwa mayi Amina kukawapatsa moni ndi manja awiri. Atatuluka panja anamasula mphira uja pa kaliyala, kuukulunga, kuulowetsa m'thumba, n'kubwerera ku Ngauma okha.

Sabata yotsatira Saide anandifotokozera pa vidiyo kuti mabowo aja amawaboola dala kuti achotse kulemera, ndipo yake ilibe batire m'kati chifukwa moto imatenga pa waya. Anati ataona dzanja langa tsiku lija anadziwiratu kuti yolemera ingandimalize. Ku Cuamba tinapita, chikho sitinatenge, koma ndinasewera mpaka masewera omaliza. Makina oyamba aja akadali a Anselimo, ndipo ndinene zoona, masiku ena akamamutchula pawindo mtima umandilasabe pang'ono. Zikatero ndimayang'ana dzanja langa lili pa mausi ya mabowo, ndimakumbukira mphira uja, n'kupitiriza ntchito.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanamvere pemphero langa mmene ndinalinenera. Akanandipatsa chimene ndinkasirira kwa msuweni wanga, bwenzi lero ndili pakhonde kumudzi ndi dzanja lopuwala. Ndikuthokoza mayi Amina ndi Saide, anthu oti sitipemphera nyumba imodzi, koma Ambuye anawatuma kwa ine ndi dengu la nsomba. Ndipo iwe m'bale wanga amene maso ako ali pa chimene mnzako wagwira, amene wafika posiya kupemphera chifukwa chimene unalandira chikuoneka chopepuka, usataye mtima. Pitiriza kugwada, koma ukadzuka ukatsegulenso dirowa yako. Yanga inakhala mmenemo milungu yonse imene ndinkalira kuti Mulungu wandiiwala.