Mchira wa Ndege ya Malemu Orazbek Sudulidwa

Malemu anabadwa pa 9 Malichi, 1956, m'banja la abusa a akavalo kufupi ndi Ulytau, ndipo anapatsidwa dzina lakuti Orazbek. Ine ndine Serikbai, mng'ono wawo. Ndikudziwa kuti chifikireni pamaliro pano mwakhala mukunong'onezana za mchira wa ndege yawo. Ndifikako, musade nkhawa.

Anayamba sukulu mu 1963, ndipo mu 1973 anapita ku Karaganda kukaphunzira za magetsi ndi mawailesi. Kumeneko ndi kumene mtima wawo unakodwa ndi ndege. Mu 1980 anamanga banja ndi mayi Kulyash, n'kuyamba ntchito ya zamagetsi ku mgodi wa mkuwa ku Zhezkazgan.

Atapuma pantchito mu 2011, anayamba kukhoma ndege ya matabwa ndi nsalu m'khola la nkhosa. Ena mwa inu munkati mutu wawo wazungulira. Ndegeyo itauluka mu 2015, oseka omwe aja ndi amene anali patsogolo kupempha kukwera.

Mu Febuluwale 2017, chimphepo cha chipale chofewa chinawapeza ali m'mwamba. Pansi ponse panali mbee, popanda msewu kapena phiri lowalozera kwawo. Anatera m'tchire, ndipo kuzizira kunawadyera zala zakuphazi. Mayi Kulyash anawauza kuti asankhepo chimodzi, mkazi kapena ndege. Malemu anayankha kuti, "Make Botagoz, ndegeyi sinalakwe, yangokhala yogontha. Ndiiikira khutu."

Khutu limenelo linali eliyo yogwira chizindikiro cha pawailesi chimene bwalo la ndege limatumiza polozera oyendetsa njira. Anadula timizere tiwiri ta mkuwa, totalika ngati mkono, n'kutimata m'kati mwa mchira, pansi pa nsalu. Eliyo yoyamba inkangogwira phokoso chifukwa anaiimika m'malo moigoneka. Yachiwiri anaipanga mu 2022, matenda a m'mapapo atawagwira kale. Iwo ankayeza, mwana wawo Botagoz n'kumamata. Chaka chatha Botagoz, amene ali ndi chiphaso choyendetsera ndege, anakumana ndi chifunga m'mwamba, ndipo eliyo imeneyo inam'fikitsa kunyumba wamoyo.

Malemu anatisiya dzana, pa 4 Novembala, 2024, ali m'nyumba mwawo.

Tsopano za mchira. Mwambo mukuudziwa: mwamuna akamwalira, kavalo wake amadulidwa mchira, sakweredwanso, ndipo amaphedwa pakatha chaka. Dzulo amalume athu, a Sapargali, ndi akuluakulu ena anati poti malemu analibe kavalo, ndegeyo ndiye kavalo wawo. Anati idulidwe mchira lero lomwe, isanatilande mwana wamkazi.

Amalume, akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo tikudziwa kuti munalankhula chifukwa choopera mdzukulu wanu. Nafenso mantha tili nawo. Koma banja lakana, ndipo ndatumidwa kuti ndinene pamaso pa anthu onse. Mumchira umenewo muli ntchito yomaliza ya manja a achimwene anga, ndipo anaigwira kuti mwana wawo asadzasochere monga anasocherera iwo. Ngati mwambo ukufuna kavalo, ndapereka wanga wofiira. Ndam'manga pachipata apo, kam'duleni mchira. Khola la ndege ndi lokhoma. Makiyi ali ndi Botagoz, ndipo amene wam'patsa m'manja m'mawa uno ndi mayi Kulyash, omwe aja ankadana nayo ndegeyo.

Malemu asiya mkazi wawo mayi Kulyash, ana awiri, Botagoz ndi Daulet, zidzukulu zitatu, komanso ife abale awo. Tikuthokoza a imamu, madokotala amene anawasamalira, amene mwakumba manda m'nthaka youma ndi chisanu, ndi amayi amene mwatiphikira. Achimwene, dothi la kwanu likufewereni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.