Nyumba Zitatu za Bambo Liao Tien-fu

Malemu Bambo Liao Tien-fu, bambo athu aakulu, anabadwa pa 14 Novembala 1935 konkuno ku Cihtong, m'nyumba ya chipinda chimodzi. Anali achiwiri mwa ana asanu a Bambo Liao Shui-mu ndi Mayi Lin Kui. Ndatchula dala za chipinda chimodzicho, chifukwa inu amene munkacheza nawo pabwalo la kachisi munawamva akudzitama atakalamba: "Ine ndili ndi nyumba zitatu, anyamata inu! Ophika atatu! Ndi bwanamkubwa yemwe sadya chonchi." Munkavomera ndi mutu, maso ali pa chikwama chomwe chinali pamapazi pawo, momwe munali malaya awiri, mankhwala ndi kachikho koikamo mano. Ine ndine Liao Wen-hsiung, mwana wa mng'ono wawo. Abale andituma kuti ndilankhule poti ndine ndekha amene onse akulankhula nane.

Mu 1942 malemu anayamba sukulu m'Chijapanizi, chilankhulo cha amene ankatilamulira nthawi imeneyo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha kunabwera aphunzitsi ena ndi chilankhulo chawonso, ndipo anasiya sukulu mu 1948 akutha kukalipa m'zilankhulo zitatu. Mu 1955 anaitanidwa ku usilikali, nakhala zaka ziwiri pachilumba cha Kinmen. Nkhani za kumeneko zinkakula chaka ndi chaka. Amene anali nawo amati iwo ankaphika.

Pa 3 Disembala 1959 anamanga banja ndi Mayi Chung A-mien, ndipo anabereka ana aamuna atatu: a Ching-chuan, a Ching-ho ndi a Ching-shui. Ankalima mpunga ndi adyo. Kuyambira 1971 mpaka 1996 anali mkulu wa kagulu kogawa madzi a m'ngalande. Ndiwo ankanena munda woti umwe lero ndi woti udikire mawa. Alimi onse ankawatukwana mofanana, umboni woti ankagawa mwachilungamo.

Mayi A-mien anatisiya mu Meyi 2009. Maliro atatha, malemu anagawira ana awo minda, nadzisungira kamunda ka ukalamba, kaja kali m'mphepete mwa ngalande, kamene kamamira mvula ikangodontha. Kenako anadzigawa okha monga ankagawira madzi: mwezi uno kwa wamkulu, wamawa kwa wachiwiri, winawo kwa wamng'ono, monga amachitira makolo ambiri kuno. Kwa zaka zingapo zinayenda bwino. Ankadziwa nyumba yochulutsa mchere, ndipo ankakaineneza ku nyumba yotsatira.

Mu 2015 a Ching-ho anamwalira ndi matenda a chiwindi. Akazi awo, alamu athu Mayi Cheng Su-yueh, akanatha kunena kuti mwezi wa womwalira wapita ndi mwini wake, ndipo palibe akanawadzudzula. Sanatero. M'mawa ankakasankha adyo kolongedzera masamba, madzulo n'kudzaphikira apongozi awo.

Mu 2019 malemu anayamba kuiwala. Munthu woiwala akamasamuka mwezi ndi mwezi amadzuka m'nyumba ya eni tsiku lililonse. Ankapapasa khoma kufuna khomo la chimbudzi pamene linali mwezi wathawo. Mu 2021 anagwa pamasitepe a nyumba yosanja ya achimwene a Ching-chuan, nathyoka fupa la m'chiuno. Akangoyamba kuzolowera bedi, mwezi unkatha, chikwama n'kumangidwanso, ndipo m'galimoto ankalira, kufunsa kuti alakwanji kuti azithamangitsidwa chonchi.

Pa 1 Epulo 2022 achimwene a Ching-chuan anafika ndi galimoto kwa alamu kudzawatenga, poti mwezi wa a Ching-shui unali utadumphidwa chifukwa cha matenda a kunyumba kwawo. Alamu a Su-yueh anaima pakhomo. "Alamu, bambo sapita," anatero. "Mwezi wanu palibe wakulandani. Bwerani mudzauchitire konkuno. Tizisinthana ndife amiyendo, iwo akhale." Achimwene ndi wapampando wa komiti ya kachisi, ndipo sanazolowere kuuzidwa zochita ndi munthu wonunkha adyo. Pa phwando la Mazu, mulungu wamkazi wa pakachisi pathu, matebulo atadzaza, ananena mawu amene ambiri mwa inu munawamva: "Wamasiye uja watsekera bambo m'nyumba. Akufuna kamunda kaja." Ine ndinalipo. Ndinapitiriza kudya nsomba.

Mawuwo sanafune galimoto. Kumsika anthu ankaleka kulankhula alamu akafika. Kolongedzera masamba anzawo anayamba kudyera patali. Posakhalitsa alamu anasiya ntchitoyo, poti malemu sankathekanso kusiyidwa okha, ndipo nazonso anthu anati mwaona, akudalira munda.

Mu 2023 malemu anayamba kulephera kumeza. Kuchipatala anawaika paipi ya chakudya pamphuno, iwo n'kumaizula. Kuti ikhale, pankafunika kuwamanga manja. Adokotala anafunsa banja chochita. Wamng'ono anati afunsidwe wamkulu, wamkulu anati aganizire kaye. Anayankha ndi alamu: anati sangathe kugona m'chipinda chimodzi ndi munthu womangidwa amene akuwaitana dzina. Anabwera nawo kunyumba opanda paipi, kumawadyetsa phala la mpunga ndi kasupuni, pang'onopang'ono, phala lizizire, alitenthetsenso. Malemu anaonda ndithu. Kumsika nkhani inakula: tsopano akuti akuwapha ndi njala. Alamu anandiuza okha kuti mpaka pano sakudziwa ngati anasankha bwino, chifukwa mwina ndi paipi ija apongozi awo akanakhalako miyezi ina. Ine, wolankhula bwino wa banja lino, ndinayang'ana pansi.

Mu Januwale chaka chino achimwene anabwera kudzachita mwezi wawo kunyumba kwa alamu. Ena amati anabwera kudzadzionera okha umboni. Malemu sanawazindikire. Ankawatcha bwana wa ku ofesi ya madzi, n'kumawauza kuti abwerenso mawa. Pakamwa ankatsegula alamu okha akagwira supuni. Achimwene anatembenuza bambo awo, kuwasambitsa, kuchapa zofunda, ndipo tinene zoona, mwezi wonse anaumaliza, msana utawakana. Za munda sanatchulenso. Koma mawu aja sanawabweze, ndipo mawu onenedwa paphwando safera m'khitchini.

Pa 20 Febuluwale 2024 malemu anagonekedwa m'chipatala ndi chibayo. Adokotala atanena kuti palibenso chochita, alamu anaitanitsa ambulansi kuti abwere nawo kunyumba mpweya ukadalipo, monga mwa mwambo wathu. Anagonekedwa pabalaza pamene timalemekezera makolo, ndipo pa 22 Febuluwale anatsirizika, ali ndi zaka 88, kapena 90 powerenga mwa chikwathu. Iwo akanasankha 90.

Malemu asiya ana aamuna awiri, apongozi atatu, adzukulu asanu ndi awiri ndi zidzukulutudzi zinayi. Banja likuthokoza Mayi Hsu, namwino woyenda m'makomo, amene anaphunzitsa alamu kusamalira zilonda za pabedi. Likuthokoza a kwa Chan amene anatibwereka njinga ya odwala osaifunsanso, amayi amene akhala akupinda maluwa a pepala masiku onsewa, ansembe, ndi nonse amene mwabwera, kuphatikizapo amene munabwera kudzaona ngati tikangane.

Papepala langa mawu athera apa. Chatsala si chowerenga. Za kamunda kaja akambirana ena tsiku lina, ine sindinatumidwe zimenezo. Dzulo achimwene a Ching-chuan anandipempha kuti ndiwaitane pamaso panu, bambo awo asanatuluke m'nyumba muno. Akuti zimene ananena paphwando zinali zabodza, ndipo poti anazinena pagulu, azibweze pagulu, mwa njira yathu yopepesera, yopereka tiyi. Achimwene, imirirani. Tiyi ali patebulopo. Alamu, inu khalani, mwaimirira kokwanira.

Manja onse awiri, achimwene. Weramani pang'ono, msanawo tikuudziwa. Nenani mokweza, a kumbuyo uko ndiwo a kumsika.

Mwawamva. Tsopano tidikire. Pasakhale wofulumiza alamu, palibe amene anafulumira kuwathandiza.

Alandira. Amwa. Nonse mwaona ndi maso anu, ndipo nkhani imeneyi mukaifikitse konse kumene inafika inzake ija.

Bambo aakulu, yendani bwino. Mzimu wanu uuse mumtendere.