Dzina la Dokotala Ezekiele Libwerere pa Buku

Malemu a Dokotala Ezekiele Chathyoka anabadwa pa 9 Juni 1961 kuno ku Nsambe, m'banja la ana asanu. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Gerishon, mng'ono wawo. Abusa anandipempha kuti ndifupikitse, komanso ndisakhumudwitse alendo. Kufupikitsa ndiyesetsa, koma chinacho mundikhululukire.

Bambo athu a Laimoni ankagwira ntchito pachigayo cha dizilo. Anthu ankawanena kuti ndi amwano chifukwa sankayankha moni. Sunali mwano ayi, makutu anali atatha. Mu 1974 lole inawagunda n'kuwapha pamsewu wa ku Mwanza, dalaivala akuliza hutala imene iwo sanaimve. Achimwene anali mu Sitandade 6, ndipo kuyambira pamenepo nkhani yawo inali ya khutu basi.

Anapita ku sekondale ku Blantyre mu 1977, ku yunivesite ku Zomba mu 1981, ndipo mu 1988 anamanga banja ndi mayi Edina a ku Magaleta. Mu 1994 anatenga udokotala ku Joni, ataphunzira mmene khutu limamvera ndi mmene limafera. Mu 1996 analowa ntchito ku bungwe lina lofufuza za umoyo, koma ofesi ya m'tauni anaikana, anapempha kubwerera kwawo.

Kwa zaka khumi ndi zinayi anazungulira zigayo pa njinga yamoto, ku Lisungwi, ku Luwani, kumapiri kuno, atanyamula kamakina koyezera phokoso. Ankafika kunyumba atayera mbuu ndi ufa. Anapeza kuti munthu akatha zaka zisanu pachigayo amayamba kusamva belu la njinga ndi kulira kwa khanda, ndiponso kuti thonje limene ogaya amatseka nalo makutu silithandiza kwenikweni. Zonsezi ankalemba pamanja m'makope: dzina la munthu, tsiku, ndi chidindo cha chala chake.

Mu 2010 analakwitsa chinthu chimodzi, anakhulupirira mnzawo. Kuno magetsi anali asanafike, choncho anapereka zimene anapeza kwa a Gilbert, bwana wawo wa ku Blantyre, kuti akazitaipe pa kompyuta. Mu 2012 buku linatuluka. Pachikuto panali dzina la a Gilbert lokha. La achimwene tinakalipeza patsamba lomaliza, pamzere wothokoza, pamodzi ndi la dalaivala wa ku ofesi kwawo. Aa! Munthu amene sanalowepo m'chigayo ngakhale kukagayitsa, lero ndi pulofesa wa makutu a anthu a ku Neno! Achimwene atadandaula, anawapumitsa ntchito mu 2013, ati akalamba. Ukalamba wanji wa zaka 52?

Kuchokera apo mtima wawo sunakhalenso m'malo. Mu 2019 anafa ziwalo mbali ya kumanja, ndipo anakhala zaka zisanu osatha kugwira cholembera. Atisiya Lachiwiri pa 12 Malichi 2024.

A Gilbert, ndakuonani, mwakhala kutsogolo m'tentimo ndi nkhata yanu yaikulu. Zaka zonse achimwene akudwala simunaimbe foni ngakhale kamodzi. Koma dzulo masana, maliro ali m'nyumba, munaitanira alamu athu kuseri n'kuwapempha makope aja, ati mukawasunge bwino. Manyazi mulibe eti? Malemu ali moyo ankatiletsa kulimbana nanu, ankati Mulungu akuona. Tinawamvera, ngakhale zinkatiwawa. Lero agona, ndipo wotiletsa palibenso. Chisomo, mwana wawo woyamba, wajambula makope onse 43 pafoni, tsamba ndi tsamba, ndipo m'mawa muno watumiza kwa akuluakulu amene anakupatsani upulofesawo. Ogaya amene anadinda zala zawo akhala apo pamkeka, akuti umboni akapereka. Nthawi yoika nkhata ikakwana dzina lanu silitchulidwa. Maluwawo mubwerere nawo.

Malemu asiya akazi awo mayi Edina, ana atatu, Chisomo, Jimu ndi Agnes, zidzukulu zisanu, ndi ife abale awo awiri. Tikuthokoza abusa ndi mpingo, amayi a Mvano, adzukulu amene akumba manda, anamwino amene anawasamalira, ndi eni zigayo amene azimitsa injini lero kuti adzaperekeze mnzawo.

Achimwene, mwakhetsa thukuta, mzimu wanu uuse mumtendere. Koma inu a Gilbert, mtendere umenewo musaupeze, tulo musatione, kufikira dzina la Ezekiele Chathyoka litalembedwa pachikuto cha buku lija.