Mwala wa mu impso wokhala ndi phula

Zikomo awailesi ndi omvera nonse. Ine ndine mayi wa ku Mulanje, ndimaswa miyala ya kwale kufupi ndi Chitakale. Msana utandivuta, kuchipatala anandijambula n'kupeza mwala waukulu mu impso. Adokotala anati, "Mayi, uwu sungatuluke ndi mkodzo. Mupite ku Blantyre akauphwanye ndi makina, apo ayi akauchotse pa opaleshoni."

Ndinaopa mpeni. Alamu anga ananditengera ku Muloza kwa sing'anga wina amene ankati amayamwa miyala ndi nyanga. Sing'angayo ananditema mphini m'chiuno, n'kundiuza kuti nditsinzine. Nditsinzinirenji pa thupi langa lomwe? Komabe ndinatsinzina, kenako ndinangomva kuti gobede m'mbale.

"Si uwu watuluka, amayi!" anatero sing'angayo.

Ndinautola ngakhale ankandikaniza. Abale, ine mwala ndimaudziwa. Unali kwale weniweni, mbali ina uli ndi phula.

"Ababa, kodi m'mimba mwangamu munadutsa msewu?" ndinafunsa. Alamu anandikodola kuti ndikhale chete.

Nditabwerera kuchipatala, mwala wanga unali pomwepo, impso itatupa. Anandichita opaleshoni ija ndinkaithawa, pano ndayambanso kugwira hamala.

Anzanga, wina akati tsinzinani kuti akuchizeni, penyetsetsani m'manja mwake.