Za imfa ya bambo anga ndi kutsekeredwa kwa amayi

Ine, Elenala Bizweki, wa zaka 19, wa m'mudzi wa Nakhombe, Mfumu Mwambo, boma la Zomba, mlimi wa mpunga, ndikupepesa kuti ndakutayitsani nthawi, bwana. Ndabwera chifukwa cha amayi anga, a Estere, omwe ali m'chitokosi muno.

Bambo anga, a Bizweki, anali msodzi pa nyanja ya Chilwa. Anayamba kutsokomola mpunga uli pa nazale, chaka chatha cha 1977. Pofika nthawi yokolola ankalavula magazi ndipo malaya anawakulira.

Mu Juni ndinawaperekeza ku chipatala chachikulu ku Blantyre, kumene anawajambula pachifuwa. Adokotala anati si TB, ndi khansa ya m'mapapo. Ndinawapempha kuti abwereze pang'onopang'ono kuti ndikafotokoze bwino kumudzi. Anati m'thupi muli timadzi tomwe timauza mnofu kuti ukule, monga potseka bala, ndipo bala likapola mnofu umaleka. Koma m'mapapo mwa bambo muli mnofu womwe ukungomva zoti ukule, zoleka sukumva. Bambo anati, "Ndiye kuti ndikunenepera m'kati, adokotala?" Adokotala sanaseke. Anatipatsa mankhwala a ululu n'kutiuza kuti tibwerere kwathu.

Titafika kunabwera abambo aakulu, a Thomson, akulu awo a bambo, ochokera ku chilumba cha Chisi. Ndinawafotokozera zonsezi. Iwo anati, "Mnofu uli ndi makutu? Ili ndi tsempho. Mlamu, munayenda ndi mwamuna wina n'kudzathira mchere m'ndiwo za mng'ono wanga." Bambo anati, "Achimwene, musiyeni mkazi wanga," kenaka chifuwa chinawagwira.

Kuyambira tsiku limenelo amayi sanakhudzenso mphika wa bambo, kuti pasakhale chonena. Ankawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwachapira nsalu. Kuphika ndi kuthira mchere inali ntchito yanga.

Lolemba lapitali masana ndinawaphikira bambo phala ndi msuzi wa matemba. Amayi anali ku mjigo, mtunda wa theka la mailo. Bambo anamwa masipuni ochepa, zotsala ndinadya ine. Anamwalira Lachiwiri dzuwa likutuluka, mutu uli pa miyendo ya amayi.

Maliro anapita ku Chisi. Padoko a Thomson anawakaniza amayi kukwera bwato. Amayi anaima m'madzi ofika m'mawondo mpaka bwato linabisika ndi mabango. Nditabwerako Lachinayi ndinamva kuti apolisi awatenga, chifukwa a Thomson anadzanena kuno kuti amayi anathira mankhwala akupha m'chakudya cha Lolemba.

Chakudya chimenecho amayi sanachione n'komwe. Ngati mlandu uli pa mphika, wophika ndine, munditsekere ine.

Kumeta kuli Loweruka, ndipo amayi sanaone pamene pagona amuna awo. Chonde, bwana, mundiyankhe msanga. Ndidikira pa benchi panjapo.

Ndi zomwe ndikudziwa, sindinaonjezepo kanthu.

Wosayina: Elenala Bizweki