Khadi inali m'chiuno mwanga nthawi yonse

Ba Pasta, bazimai, bazibambo, mpingo wonse, nakupatsani moni mu dzina la Yesu. Aleluya. Nikhululukireni mawu, yanatha. Nalema, abale, koma nifuna kuchitira umboni lelo, chifukwa ni pano pamene ninalakwira munthu.

Ine muniziba, nimasesa ma ofesi mu tauni. Malipiro yanga yamangena ku banki, ndiye banatipasa khadi. Khadi ija nimaimanga pa mfundo ya chitenge, apa m'chiuno, monga mwamene bamai banga benze kumangira ndalama. Pini yake tenze kuiziba babili chabe, ine na bamuna banga ba Tembo.

Ba Tembo mubaziba naimwe. Benze chakolwa, sinibisa. Banaleka moba zaka zibili zapita, banabatizika muno, banayamba kukonza mabenchi yamene mwakhalapo aya.

Mu June foni inayamba kulira. Meseji: ndalama zachoka. Zing'ono chabe. Pakapita masiku yabili, futi zachoka. Ninapasa munzanga ku nchito kuti aniberengere bwino Chizungu chija. Akuti, "Amake Chisomo, apa palembedwa dzina la malo yogulitsa moba."

Abale! Moba! Nanga pini aiziba ndani? Ninafika ku nyumba osavula na nsapato.

"Mwayambanso?"

"Kuyamba chani?"

"Mumatenga khadi nikagona, mukamwa, mubweza."

Banangoniyang'ana. Bakuti, "Amake Chisomo, ninunkhize." Ine ninakana. Ninati chakolwa aziba mochotsera fungo.

Sininathere pamenepo. Ninabwera kuno, ninaitana bakulu ba mpingo, ninakamba vonse. Ba Pasta mukumbukira. Ba Tembo banakhala apo, chisote m'manja, bakuti, "Sininamwe." Katatu banakamba. Palibe anabakhulupirira, chifukwa ine nenze kulira maningi, ndipo mbiri yabo yenze kubatsutsa. Banabaimika pa nchito ya mabenchi. M'mawa mwake banatenga chola na sowo yabo, banayenda kwa mukulu wabo ku Mandevu.

Ninachinja pini. Ninati manje tione.

Bazimai, mvetserani apa. Pa Chibili, nili mu basi yochoka kuno ku Mtendere, tapanikizana banayi pa mupando monga mwa masiku yonse. Pambali panga mwamuna wovala bwino, tayi na vonse, kachola kake kakuda kanigunda m'chiuno. Anakamba na "pepani mami". Foni inalira pa chifuba. Pamene nenze kulimbana kuti niichose, mwamuna uja anagogoda pa denga la basi kuti aseluke. Niyang'ana: ndalama zachoka, dzina lamene lija la moba. Nigwira pa mfundo, khadi ilipo. Ba Tembo bali ku Mandevu, pini yatsopano sibaiziba.

Sininafike ku nchito siku ija. Ninakhala pa mwala pa sitesheni, pambuyo pake ninayenda ku banki.

Ku banki mukazi wina ananionetsa tumizere tokhota pa khadi. Akuti, "Mami, khadi iyi ni yogunda chabe. Ndalama zikakhala zing'ono, makina safunsa pini. Munthu akabisa makina mu chola n'kufika pafupi, chitenge sichingatchinge. Dzina la moba lija ni lamene banalembetsera makina yabo." Ine zaka zonse izi nenze kuganiza kuti mfundo yanga ni loko! Ananizimira vogundagunda vija, kuti manje ikazifunsa pini nthawi zonse. Ananiuza futi kuti niikulunge mu foilo, ija yonyezimira yophikira nkhuku, olo nigule kachikwama kotchinga, ndipo meseji ikabwera yosaiziba, nitume foni ku banki pamene apo. Chitani naimwe, napapata. Ndalama zina banabweza, zina zinapita. Sinizilira.

Chamene nenze kulira ni munthu. Ku Mandevu ninayenda katatu. Koyamba mulamu ananiuza pa geti kuti sibalipo, koma sowo nenze kuimva kuseli. Kachibili ba Tembo banachoka panja, banamvera vonse, bakuti, "Namva," n'kubwerera mukati. Kachitatu ninagwada pa dothi, bantu bapita, bayang'ana. Ba Tembo bakuti, "Ima, amake Chisomo. Ndalama sizinanibabe. Chinanibaba ni chakuti siku ija ninachoka mu chechi, ninaimirira pa khomo pa bala ya moba mpaka dzuba kulowa, nati nanga nisiyirenji, pakuti bonse bakuti namwa kale."

Ninafunsa mwamantha kuti munangena? Bakuti, "Sininangene."

Abale, ine nenze nabakankhira pa khomo paja na manja yanga aya. Amene anabagwira kuti basangene ni Mulungu yekha, ine ayi.

Banabwera ku nyumba pa Chisanu. Sitinayambe kuseka monga kale, tikali kukambisana pang'ono pang'ono, ndipo sinibakakamiza. Koma lelo bali muno, kumbuyo uko. Ba Tembo, ninakunamizirani pamaso pa bantu aba, ndiye pamaso pabo nikamba: simunabe, simunamwe. Nikhululukireni.

Zikomo Yesu. Zikomo Ba Pasta. Ine mphamvu yovina nilibe lelo. Imwe imani, muimbe mokweza, musekelere m'malo mwanga, ine niyende nikakhale pafupi na bamuna banga.